Sitima imene inamira kawiri: masiku anga polondola Thetis

Lachisanu, 31 May, Birkenhead

Ndanyamuka ku Manchester cha m'ma 8 koloko m'mawa pa kavani kanga ka kuntchito. Usiku ndinatsitsamo mapaipi ndi bokosi la zipangizo kuti chikwama chipeze malo. Mayi a kunyumba andiperekeza mpaka pamsewu, funso lawo lili lomwe lija la sabata yonse: "Bambo a Chisomo, tchuthi chonsechi mukathere kumanda a anthu osawadziwa?" Ndawauza kuti ndidzafotokoza ndikabwerako. Chifukwa chake ndikuchidziwa, koma pakamwa sichinayambe kutuluka bwino.

Ntchito yanga ndi ya mipope. Zaka ziwiri zapitazo tinkakonza mapaipi a madzi otentha m'chipinda chapansi cha nyumba ina yaikulu, ndili ndi mkulu wina wachizungu wobadwira kuno ku Birkenhead. Ndinatsegula kampopi koyesera, sikanatuluke kanthu, ndiye ndinagwira sipanala kuti ndimasule. Mkuluyo anandigwira dzanja. Anatenga kawaya n'kutokosa pakabowo, madzi n'kuthovoka kuti tsaa! Kabowoko kanali katatsekeka ndi dzimbiri. Atatero anandifunsa ngati ndinamvapo za Thetis. Ndinali ndisanamvepo. Anandisimbira tikumwa tiyi, ndipo chichokereni tsiku limenelo nkhaniyi sinandichoke m'mutu.

HMS Thetis inali sitima yankhondo ya dziko la Britain, ya mtundu uja woyenda pansi pa nyanja. Anaikhoma kuno, pa kampani ya Cammell Laird, n'kuitsitsira mumtsinje wa Mersey pa 29 June 1938. Inamira kawiri. Koyamba ndi pa 1 June 1939, nkhondo isanayambe, ndipo anthu 99 anafera momwemo. Anaivuula, kuikonza, kuipatsa dzina lakuti Thunderbolt, koma mu March 1943 inamiranso kufupi ndi chilumba cha Sicily, osapulumuka ndi mmodzi yemwe.

Ndawoloka Mersey pa msewu wodutsa pansi pa mtsinje n'kutulukira ku Birkenhead. Malo oyamba ndi Birkenhead Priory, mabwinja a nyumba ya amonke imene inamangidwa cha m'ma 1150. Mbali zonse yazingidwa ndi mashedi ndi magalaja, ndipo kuseri kwa mpanda wake ndi doko lokonzerapo sitima la Cammell Laird, limene likugwirabe ntchito mpaka lero. Pambali pali nsanja ya tchalitchi cha St Mary. Tchalitchicho anachigwetsa kalekale, inatsala ndi nsanja yokha, ndipo anaisandutsa chikumbutso cha anthu a mu Thetis.

Mkati muli masitepe ozungulira, opanikiza, pafupifupi 100, ndipo m'mbali mwake anakhoma timapuleti, kalikonse kali ndi dzina la munthu mmodzi. Ndinayamba n'kuwerenga chamumtima. Pofika pakati ndinadzimva ndikutchula mokweza. Asilikali a panyanja ali pomwepo, amisiri a pakampani ali pomwepo, okonza mainjini, a zamagetsi, a mapaipi ngati ine. Anthu a Cammell Laird anakwera 26, anabwerako mmodzi. Awiri mwa omwalirawo sanali a panyanja n'komwe, anali operekera zakudya ochokera ku Liverpool, amene anawaitana kuti akonzere alendo nkhomaliro.

Pamwamba pa nsanja ukuona doko lonse pansi pako, tsidya linalo matchalitchi awiri akuluakulu a Liverpool. Ndaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa tauni imeneyi si yachilendo kwenikweni kwa ife. Kuno n'kumene John Laird anakhoma kasitima ka nthunzi ka Ma Robert mu 1858, kamene David Livingstone anakwera nako mtsinje wa Shire mu 1859 mpaka kukafika kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa. Manja a ku Birkenhead anafika kwathu kalekale.

Ndisanachoke ndayenda wapansi m'mbali mwa mpanda wa kampaniyo. Pa zipata zake m'pamene amayi ndi ana anasonkhana mu June 1939, usana ndi usiku, kudikira kuti wina atuluke awauze kanthu.

Loweruka, 1 June, Llandudno

Lero ndi tsiku lenilenilo. Ndatsata msewu wa A55 m'mphepete mwa nyanja kulowa m'dziko la Wales, kumene zikwangwani zimayamba ndi chilankhulo cha eni dziko, Chingerezi n'kubwera pansi. Ndalakalaka zikanakhala choncho pa misewu ya kwathu. Llandudno ndi tauni ya alendo, mahotela oyera ali ndandanda moyang'ana nyanja. Kumapeto kwake kuli phiri lamiyala lolowa m'madzi, Great Orme, lotalika mamita 207. Ndakwera wapansi, ndikupatukira mbuzi zamtchire zaubweya wautali zimene sizisuntha ngakhale uziyandikire.

Pamwamba mphepo yake si yosewera nayo. Kutali m'nyanja kwaima makina ambirimbiri opukusa magetsi ndi mphepo. Kumanzere kwa makinawo, makilomita opitirira 20 kuchokera pamene ndakhalapa, n'kumene zinachitikira.

Thetis inanyamuka ku Birkenhead m'mawa wa Lachinayi, woiyendetsa ali Lieutenant Commander Guy Bolus. Unali ulendo wokayesa ngati imamira bwino asanaipereke m'manja mwa asilikali. Munali anthu 103, pamene malo ake anali a anthu osakwana 60. Kasitima kokoka zinzake, Grebe Cock, kankaperekeza. Asanalowe pansi anauza aliyense wosafuna kumira nawo kuti asamukire mu Grebe Cock. Palibe anatsika. Ndani akanatsika? Munthu wakhoma chinthu zaka ziwiri ndi manja ake, lero n'kukana kuchiona chikugwira ntchito?

Cha m'ma 2 koloko masana anayesa kumira, koma sitimayo inakana, inali yopepuka. Sitima yotere imalowa pansi polowetsa madzi m'matanki ake, ndipo kulemera kwa chilichonse kumawerengedwa. Papepala panalembedwa kuti mapaipi awiri oponyera mabomba a torpedo, nambala 5 ndi nambala 6, akhale odzaza madzi. Lieutenant Frederick Woods, amene ankayang'anira mabombawo, anapita kutsogolo kukaona ngati zinalidi choncho.

Apa ndifotokoze ngati wa mipope. Paipi iliyonse ili ndi zitseko ziwiri, chakunja chotsegukira kunyanja ndi chamkati chotsegukira m'sitima. Zonse ziwiri zikatseguka pamodzi, ndiye kuti waitana nyanja m'nyumba. N'chifukwa chake pa chitseko chamkati amaikapo kampopi koyesera: ukatsegula n'kutuluka madzi, usayerekeze. Woods anatsegula ka nambala 5, sikanadonthe ngakhale dontho. Chimene sankadziwa n'chakuti masabata angapo m'mbuyomo wopenta anali atapaka penti wakuda wokhuthala mkati mwa chitsekocho, ndipo pentiyo anatseka kabowo kosaposa kunenepa kwa pensulo. Kachitsulo kotokosera kanalipo, koma sikanagwiritsidwe ntchito. Timivi tosonyeza ngati zitseko zakunja zili zotseka tinaikidwa mosokoneza, ka nambala 5 kali pobisika. Chitseko chakunja chinali chotsegula.

Madzi analowa pa bowo la masentimita 53. Anthu anathawira kumbuyo, koma chitseko choyamba chotchinga madzi chinakanika kutsekeka, moti zipinda ziwiri zakutsogolo zinadzaza. Mphuno ya sitima inakazika m'matope, mamita 46 pansi.

Pa Grebe Cock panali Lieutenant Richard Coltart. Anaona kuti kamiridwe kake kanali kadzidzidzi, mtima sunakhale pansi, koma sanafune kuutsa chipwirikiti pachabe. Anatumiza uthenga waulemu kulikulu ku Gosport, wongofunsa kuti Thetis imayenera kukhala pansi nthawi yaitali bwanji. Uthengawo unafika 6:15 madzulo, ndipo zimanenedwa kuti mnyamata wonyamula matelegalamu anaphulikiridwa tayala la njinga panjira. Nthawi yonseyi Grebe Cock inali itatengedwa ndi madzi, moti ofufuza atabwera anayamba kusaka pamalo olakwika. Kunja kunada.

Ndatsika phiri miyendo ili zii ndi kuzizira. Ndakhala ndikuganiza za wopenta uja. Anagwira ntchito imene anamutuma, ndipo mwina anaigwira bwino, penti wokwanira kuti dzimbiri lisalowe. Ndapentapo mapaipi kangati ine, osayang'ana kuti penti wathera kuti?

Lamulungu, 2 June, Llandudno

Sindinagone bwino, ndiye 7 koloko yandipeza ndili kale pamphepete mwa phiri. Ndimafuna kuti 7:50 indipeze ndikuyang'ana nyanja, chifukwa pa nthawi imeneyo m'pamene sitima yankhondo ya HMS Brazen inaona mchira wa Thetis utatumphuka pamwamba pa madzi.

Apa m'pamene pamandiwawa kwambiri. Thetis inali yotalika mamita 84, madziwo kuya kwake mamita 46. Usiku wonse anthu a m'katimo anapopera kunja mafuta ndi madzi akumwa kuti kumbuyo kupepuke, ndipo zinatheka. Mchira unatuluka mamita oposa 5. Munthu akanatha kuugwira ndi dzanja, ndipo ena anaugwiradi. Nyuzipepala zinajambula chithunzi, mabwato atazungulira, nyanja ili bata.

Koma mkati mpweya unali utatha ntchito. Anthu 103 anali atapuma mpweya womwewo maola pafupifupi 17. Mpweya woipa umene timatulutsa popuma ukachuluka, mutu umawawa ngati ukung'ambika, munthu amasanza, ndipo choopsa n'chakuti nzeru zimayamba kuchoka. Ntchito imene amaidziwa bwino amaisokoneza.

Kumbuyo kunali kachipinda kothawirako, kolowa anthu awiri. Amalowa atavala zida zopumira za Davis, amadzaza kachipindako ndi madzi, kenako amatsegula chivundikiro n'kuyandama. Oyamba kutuluka anali Captain Harry Oram ndi Woods. Oram anamangirira pamkono pake pepala lofotokoza m'mene opulumutsa angalowetsere mpweya m'sitimayo, kuti ngakhale atafa panjira, uthengawo ufike. Poona kuti nthawi yatha, a m'katimo analowetsa anthu anayi pakamodzi. Atatu anafera m'kachipindamo. Cha m'ma 10 koloko anatuluka Walter Arnold, wa ku mainjini, ndi Frank Shaw, mmisiri wa Cammell Laird. Pambuyo pa awiriwa palibe anatulukanso.

Kunjaku anadikira. Ankaganiza kuti anthu azingotuluka awiriawiri, ndipo ankaopa kuti akayandikira kwambiri avulaza otulukawo. Sitima ya padoko la Liverpool yotchedwa Vigilant inakulunga chingwe chachitsulo kumchira. Zipangizo zodulira chitsulo ndi moto zinachedwa kufika. Cha m'ma 3 koloko masana madzi atasintha, chingwe chinaduka, mchira n'kulowa. Pa 3 June boma linalengeza kuti chiyembekezo palibe.

Masiku 9 okha Thetis isanamire, pa 23 May, sitima ya mtundu womwewu ya ku America, USS Squalus, inamira pa madzi akuya mamita 73. Anthu 26 anafa, koma 33 anawatulutsa amoyo ndi chigubu chachitsulo chimene ankachitsitsa pachingwe n'kuchilumikiza pa chivundikiro. Britain inalibe chigubu chotero. Ndipo pa 15 June sitima ya ku France, Phénix, inamira kufupi ndi dziko limene lero timati Vietnam, ndi anthu 71. Sitima zitatu m'masabata osakwana anayi.

Achibale ena anakhulupirira mpaka kufa kwawo kuti akuluakulu anakana kuboola sitimayo pofuna kuipulumutsa yathunthu, popeza nkhondo inali pakhomo. Ena amati ngakhale akanaboola, zikanavutabe. M'mene ndikuonera ine, penti anamiza sitima, koma amene anapha anthu ndi maola: ola la uthenga waulemu, maola osaka kolakwika, maola odikira lamulo la wamkulu amene anali kutali. Aliyense ankaopa kulakwa, ndipo poopa kulakwa anaima.

Masana ndalowa m'tchalitchi china cha m'tauni muno, mapemphero atatha kale. Ndakhala kumbuyo theka la ola. Sindinapemphe chilichonse.

Lolemba, 3 June, Traeth Bychan

Ndawoloka mlatho wa Britannia kulowa pachilumba cha Anglesey, chimene eni ake amati Ynys Môn. Kamsewu kopita ku Traeth Bychan n'kopapatiza, kodutsa pakati pa minda ndi makalavani. Dzinali m'chilankhulo chawo limatanthauza kagombe kakang'ono, ndipo n'kakang'onodi, mchenga ndi timiyala, mabwato a matanga atawakokera kumtunda.

Kuvuula Thetis kunatenga miyezi itatu. Anakulunga zingwe pansi pake n'kuzimangirira ku sitima yotchedwa Zelo. Madzi akaphwa ankakunga zingwe, akadzaza Zelo inkakwera n'kunyamula katundu wakeyo, n'kusendera kumtunda pang'ono mpaka atagundanso pansi. Mawa chimodzimodzi. Pa ntchito imeneyi, pa 23 August, anamwalira wosambira pansi pa madzi Henry Perdue, munthu wa nambala 100. Anaifikitsa pagombe lino pa 3 September 1939, Lamulungu lomwe nduna yaikulu Neville Chamberlain analengeza pa wailesi kuti Britain yalowa nkhondo ndi Germany. Kuyambira tsiku limenelo nyuzipepala zinali ndi maliro ena olira.

Ndavula nsapato n'kuponda m'madzi, ndipo pamenepo m'pamene chija chokanika kutuluka pakamwa chatuluka. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota. Ndili ndi zaka 11, amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anapita usiku kukawedza usipa ndi anzawo awiri. Mwera unawapeza pakati. Bwato linapezeka patatha masiku awiri, mnzawo mmodzi anapezeka patatha sabata, amalume sanapezeke. Tinakhala pagombe masiku ambiri, amayi akuyang'ana madzi osaphethira. Pomaliza akuluakulu anadula thunthu la nthochi, analikulunga munsalu, analiika m'manda. Ndinali mwana koma ndinkadziwa kuti m'dzenjemo mulibe amalume. Sindinafunse, ndipo palibe anandiuza kanthu.

Nyanja yathu inamezanso anthu ambiri pakamodzi. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mwera kumpoto, kufupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kufa. Ndakula ndikumva dzina la sitimayo, koma dzina la munthu ngakhale mmodzi wa m'menemo sindinalimvepo.

Madzulo ndadya nsomba ndi tchipisi ku Moelfre, kamudzi ka asodzi koyandikana ndi gombeli. Nakonso kali ndi maliro ake: mu October 1859 sitima ya Royal Charter inasweka pamiyala ya pompano ndi anthu oposa 400.

Lachiwiri, 4 June, Holyhead

Manda a Maeshyfryd ali kumtunda kwa tauni, kumene ukumva kulira kwa sitima zopita ku Dublin. Sindinavutike kupeza malowo. Anthu 44 a mu Thetis anaikidwa m'manda amodzi, ndipo pamwamba pake pali chiliza chachikulu chokhala ndi maina a onse 99. Anachivundukula pa 7 November 1947. Ena anatengedwa ndi abale awo kukaikidwa kwawo. Ndapeza maluwa atsopano, ena ali ndi timakadi tolembedwa ndi zidzukulu. Ndazula udzu pang'ono m'mbali, monga timachitira kwathu, ngakhale malowo ndi osamalidwa kale.

Kenako ndatsikira kunyumba yosungiramo mbiri ya panyanja ku Newry Beach, imene kale inali shedi ya bwato lopulumutsira anthu. Muli zithunzi ndi zinthu zina za Thetis. Agogo ena ongodzipereka kulandira alendo andifunsa ngati ndili ndi wachibale m'nkhaniyi. Ndati ayi, ndine wa mipope chabe. Agwedeza mutu ngati yankho limenelo ndi lokwanira.

Zimene zinatsatira maliro n'zowawa mwa mtundu wina. Woweruza Bucknill anafufuza ngoziyi n'kufotokoza zolakwika zonse motsatana, koma sanapeze amene anatsegula chitseko chakunja chija. Amayi amasiye anakasuma. Mlandu wodziwika ndi wa mayi Duncan, amene amuna awo ankagwira ntchito ku Cammell Laird. Maloya awo anapempha mapepala a kamangidwe ka sitimayo, boma linakana ponena kuti ndi chinsinsi cha nkhondo, ndipo mu 1942 bwalo lalikulu la House of Lords linati nduna ikanena kuti chinsinsi, khoti lisafunsenso. Chigamulo chimenechi chinakhala mpaka 1968, ndipo ophunzira zamalamulo amachiwerengabe. Mu 1946 bwalo lomwelo linagamula kuti palibe amene angapezeke wolakwa, ngakhale Woods. Amayi aja anadikira zaka 7 n'kubwerera chimanjamanja.

Za Woods ndimamva chisoni, ndipo ndikudziwa kuti ena sangagwirizane nane. Anatsegula chitseko, inde. Koma anayesa kampopi monga anaphunzitsidwira, ndipo kampopiko kanamunamiza. Anasenza nkhaniyi nkhondo yonse akugwirabe ntchito panyanja, n'kudzafa pa ngozi ya galimoto ku France chaka chomwecho cha 1946.

Chimene chinatsala ndi kachitsulo. Kuchokera nthawi imeneyo, pa chitseko chamkati cha mapaipi a torpedo amaikapo chokowera chimene chimalola chitseko kutseguka pang'ono pokha, kuti ngati kuseri kuli nyanja uthe kutsekanso. Asilikali a m'sitima zimenezi amachitchula kuti Thetis clip mpaka lero.

Usiku uno ndabwerera ku Manchester. Mayi a kunyumba andiikira nsima, ndawasimbira za nthochi ija koyamba m'zaka 16 za banja lathu. Sanayankhe, angondiwonjezera ndiwo.

Lachitatu, 5 June, London

Ndakwera sitima ya pamtunda m'mawa kupita ku Euston, chifukwa theka lachiwiri la nkhaniyi lilibe gombe kapena manda oti ndipiteko.

Nkhondo itayamba, Britain inkasowa sitima. Thetis anaikokera ku Holyhead, kenako ku Birkenhead komwe inabadwira, anaiyeretsa, anaikonza, ndipo chakumapeto kwa 1940 inatulukanso ili Thunderbolt, woiyendetsa ali Cecil Crouch. Amasimba kuti mkati mwake munali mzere wa dzimbiri wosonyeza pamene madzi anafika, ndipo ngakhale apake penti kangati, mzerewo unkaonekerabe. Anyamata amene ankagona m'menemo ankadziwa bwino lomwe kuti akugona pati.

Inamenya nkhondo zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Pa 15 December 1940, kufupi ndi pamene mtsinje wa Gironde umathira m'nyanja ku France, inaphulitsa sitima inzake yoyenda pansi pa madzi ya ku Italy, Capitano Tarantini. Anapulumuka anthu 5 okha. Ndikalemba zimenezi dzanja limalemera, chifukwa awonso anali ana a anthu, ndipo imfa yawo ndi yomwe ija. Mu January 1943 Thunderbolt inanyamula pamsana pake timabomba tokwerapo anthu awiriawiri, totchedwa Chariot, kupita nato ku doko la Palermo, kumene anamiza sitima yankhondo ya Ulpio Traiano imene inali isanathe kukhomedwa.

Mu March chaka chomwecho inanyamuka ku Malta ulendo wake womaliza. Mbiri imati pa 14 March, kufupi ndi Capo San Vito kumpoto kwa Sicily, sitima ya ku Italy yotchedwa Cicogna inaisaka n'kuiponyera mabomba ophulikira pansi pa madzi. Mchira unatumphuka kanthawi kochepa, monga unachitira ulendo woyamba uja, kenako unalowa. Anthu 62. Madzi a pamenepo ndi akuya mamita 1,350, kumene kulibe chingwe chingafike.

A ulendo woyamba anawalira dziko lonse, anawavuula, ali ndi masitepe awo ndi chiliza chawo. A ulendo wachiwiri, abale awo anangolandira kalata yakuti sitima yachedwa kubwera ndipo aiyese yotayika. Maina awo anawalemba pa zipilala za asilikali a panyanja opanda manda, zimene zili ku Portsmouth, Plymouth ndi Chatham, pakati pa maina ena zikwizikwi.

Kuchokera pa siteshoni ya Temple ndayenda pang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Thames, pa Victoria Embankment. Chikumbutso cha sitima zoyenda pansi pa madzi anachimata pakhoma la mtsinje, ndipo munthu wofulumira akhoza kuchidutsa osachiona. Anachivundukula mu 1922. Pakati pali chithunzi chamkuwa chosonyeza anthu atapanikizana m'kati mwa sitima, kunja kwake mizimu ya m'madzi ikukoka maukonde. M'mbali muli maina a sitima zimene zinatayika, 50 za nkhondo yoyamba ndi 82 za nkhondo yachiwiri. Palinso tingowe tooneka ngati anangula, topachikapo nkhata za maluwa mwezi wa November. Ndatsetsereka ndi chala pa mndandanda mpaka ndapeza Thunderbolt. Liwu limodzi, anthu 62. Kumbuyo kwanga mabasi ndi njinga zikungodutsa.

Ndakhala pabenchi n'kuimbira amayi pa WhatsApp. Kwathu inali itakwana 4 koloko, anali akuchokera kudimba.

"Amayi, paja amalume tinawaika pati?"

Anakhala chete mpaka ndinayesa kuti netiweki yaduka. Kenako anati pafupi ndi agogo aakazi, kumunsi kwa mtengo wa mango uja, koma mtumbira unaphwa kalekale, pangotsala mwala umene anaikapo okha.

"Bwanji mwafunsa lero, bambo?"

Ndawauza kuti December ndikubwera, ndipo ndikufuna tikamange chiliza, tilembepo dzina lawo lonse ndi chaka, ndi kuti anatsala m'nyanja. Amayi ati nkhani yotere siyambira pafoni, ayamba akauza amalume aakulu ndi a mfumu, ndipo matumba a simenti ndisagule ndisanamve kwa iwo. Kenako anditchulira dzina lonse la amalume, ndi lina la paubwana limene sindinkalidziwa, ndipo andiuza kuti ndililembe pompo ndingaiwale. Ndalilemba kuseri kwa tikiti. Sitima yobwerera ku Manchester inyamuka 6 koloko.